Dishi kapena nsanja: mkangano wa okhala m'makalavani ku America

Chaka cha 2021 mafakitale a ku America anatulutsa makalavani ndi galimoto zogonamo zoposa 600,000, chiwerengero chimene chinali chisanaonekepo n'kale lonse. Mliri wa Covid-19 unali utatseketsa maofesi, mabwana atagonja n'kuvomereza kuti ntchito ikhoza kugwiridwa paliponse pamene pali kompyuta, ndipo anthu ambiri sanaonenso chifukwa cholipirira lendi yokwera mumzinda pamene nyumba ikhoza kukhala ndi matayala. Malonda a galimotozi anatsika m'zaka zotsatira, koma khalidwe lenilenilo linakhazikika. Kale moyo umenewu unali wa agogo opuma pantchito, othawa chisanu cha kumpoto n'kukaothera dzuwa kumwera. Lero pakati pawo pali owerengera ndalama, aphunzitsi, olemba mapulogalamu a kompyuta ndi anamwino olangiza odwala pafoni, anthu amene malipiro awo amadalira kuti Lolemba m'mawa nkhope yawo ioneke pamsonkhano wa pavidiyo popanda kudukaduka. Akafika pamalo ogona, asanafunse za madzi kapena chimbudzi, amayamba atulutsa foni m'thumba.

Malo abwino oonera vutoli ndi Quartzsite, katauni ka m'chipululu cha Arizona, m'mbali mwa msewu waukulu wa Interstate 10 kufupi ndi malire a California. Kalembera wa 2020 anapezamo anthu pafupifupi 2,400 okha. Koma Januwale akafika, chipululu chonse chozungulira chimayera ndi madenga a makalavani, anthu zikwizikwi atabwerera nyengo yofunda, misika ya miyala yokongola ndi chionetsero chachikulu cha galimoto zogonamo. Kumwera kwa tauniyi, kudera lotchedwa La Posa, boma limalola munthu kukhala kuyambira pa 15 Seputembala mpaka pa 15 Epulo akalipira chilolezo chimodzi, pamene m'malo ena ambiri a boma munthu amagona ulere koma osapitirira masiku 14.

Kumeneko, pakati pa zitsamba zouma ndi mitengo yaminga, pali kalavani ina yakale ya malata onyezimira, yokhalamo mayi wina wazaka za m'ma 50 ndi galu wake. Mayiyu amasunga mabuku a ndalama a timakampani ta ku Ohio, kumene nthawi ili patsogolo ndi maola awiri m'nyengo yozizira, choncho msonkhano wa 8 koloko kumeneko umamupeza 6 koloko m'mawa, kunja kudakali mbuu, iye atavala chipewa chaubweya ndi juzi ziwiri. Kumbuyo kwa kalavaniyo anamangirirako ndodo yaitali ya opaka penti, pamwamba pake pali kabokosi koyera kokoka netiweki, ndipo waya wake umatsikira pakabowo ka m'mbali n'kukafika pa rauta yokhala ndi ma SIM awiri a makampani osiyana. Pansi, mamita angapo kuchokera pakhomo, pali dishi yafulati ya intaneti ya pasetilaiti, miyendo yake atayipsinja ndi miyala kuopa mphepo, waya wake atamukwirira pang'ono kuti galu asapunthwe. Padenga pali masola atatu amene amawapukuta fumbi m'mawa uliwonse. Chochititsa chidwi koposa zonsezi ndi kabuku kakuda ndi manja kamene kamakhala pafupi ndi chitofu. M'menemo muli dzina la malo alionse amene wagonapo, tsiku, ola, ndi liwiro limene SIM iliyonse inapereka. Tsamba la Quartzsite likuonetsa kuti mu Novembala ma SIM onse awiri ankathamanga bwino usana ndi usiku. Pofika pakati pa Januwale, foni ikuonetsabe timizere tonse ta netiweki, koma madzulo ngakhale kalata yokhala ndi chithunzi chimodzi imakanika kuchoka. Mayiyu anaphunzira kutumiza mafailo akuluakulu 4 koloko m'bandakucha anzake ali mtulo, kuyatsa dishi pa nthawi ya misonkhano yokha, n'kuizimitsa msonkhano ukangotha ngati mmene munthu amazimitsira nyale potuluka m'chipinda. Anzake ena amamuseka kuti akudzivutitsa. Amati agulitse rautayo ndi ndodo yakeyo, asiye kulipira ma SIM, dishi yokha ndi yokwanira.

Mkangano umenewu ndiwo wadzaza macheza a pamoto m'malo ogonawa kuyambira mu Meyi 2022, pamene kampani ina ya masetilaiti oyenda pafupi ndi dziko inayamba kugulitsa intaneti yapadera kwa a makalavani, pa madola 135 pamwezi kuwonjezera pa madola 599 a zipangizo. Oikira kumbuyo dishi ali ndi mfundo zolemera, ndipo sibwino kuzipeputsa. Yoyamba ndi imene kabuku ka mayi uja kakuchitira umboni. Timizere ta pafoni timangosonyeza kuti nsanja ya netiweki ikumveka, sitinena kuti pansanjapo patsala malo. Nsanja ili ngati mjigo wa pamudzi: madzi ake ndi omwewo kaya otunga ndi khumi kaya ndi mazana atatu, ndipo kukhala pafupi nawo sikufupikitsa mzere. Nsanja zomangidwira tauni ya anthu 2,400 zikakumana ndi khamu la Januwale, wina aliyense amalandira kadontho. N'chifukwa chake kachipangizo kokweza mphamvu ya netiweki, kamene ambiri amathamangira kugula pa madola mazana angapo, kamakhumudwitsa kumalo otere. Kamathandiza munthu amene ali kutali ndi nsanja yopanda anthu, koma pansanja yodzaza kamangowonjezera timizere basi.

Mfundo yachiwiri ndi yoti makampani a mafoni anadziwonongera okha mbiri. Bandulo imene amaitsatsa kuti ilibe malire nthawi zambiri imakhala ndi malire awiri obisika m'timalemba ting'onoting'ono. Ukapyola magigabayiti akutiakuti, umaikidwa kumapeto kwa mzere nthawi iliyonse nsanja ikadzaza, ndipo data yogawira kompyuta kuchokera pafoni imakhala ndi muyeso wakewake, umene ukatha liwiro limatsitsidwa mpaka vidiyo kukanika. Kanema woonekera bwino amadya magigabayiti atatu pa ola, choncho banja lokonda kanema likhoza kumaliza muyeso wa mwezi wonse sabata imodzi isanathe. Mu 2018, moto wolusa wa Mendocino uli mkati ku California, ozimitsa moto a dera lina anapeza kuti intaneti ya m'galimoto yawo yolamulirira ntchito yatsitsidwa kufika pa gawo limodzi mwa magawo 200 a liwiro lake, chifukwa anapyola magigabayiti 25 pa bandulo yotchedwa yopanda malire. Kampani imene inawagulitsa banduloyo inavomereza pambuyo pake kuti inalakwitsa. Mapu osonyeza kumene netiweki imafika nawonso ndi okayikitsa. Mu Disembala 2019, akatswiri a nthambi ya boma yoyang'anira za mauthenga anatulutsa zotsatira za ulendo wawo woyesa netiweki m'misewu, ndipo pa mayeso 100 alionse, pafupifupi 62 okha ndi amene anafika pa liwiro limene mapu a makampani atatu ankalonjeza. Munthu amene analumidwapo chonchi, akaona dishi ikugwira pakati pa chipululu pamene foni yafa, sangaimbidwe mlandu akatembenuka mtima.

Komanso dishi ya masiku ano ndi yosiyana ndi yakale. Masetilaiti akale ankakhala pamtunda wa makilomita pafupifupi 36,000, ndipo uthenga unkatenga kuposa theka la sekondi kupita ndi kubwera, moti pocheza pavidiyo anthu ankangolankhula modulana mawu. Atsopanowa amazungulira pamtunda wa makilomita pafupifupi 550, kuchedwako n'kutsika kufika posamveka m'khutu. Zonsezi n'zoona. Komabe mfundo yoti dishi yathetsa ntchito ya SIM imachokera kwa anthu amene akulankhula ali m'chipululu, ndipo m'chipululu mulibe mitengo italiitali yotchinga dishi. Dishi imafuna thambo lotseguka, ndipo popeza setilaiti imene ikulankhula nayo ikuthamanga, nthambi imodzi ya mtengo ikhoza kudula kulumikizanako kwa masekondi angapo mobwerezabwereza. Woonera kanema sangazindikire, chifukwa kanema amasungiratu zam'tsogolo, koma wa pamsonkhano nkhope yake imauma pakati pa chiganizo. Anthu omwewa amene ali ku Arizona mu Januwale, pofika Julayi amakhala atathawira kutentha ku nkhalango za Oregon, Washington ndi mapiri a Colorado, kumene malo ogona anakonzedwa dala pansi pa mitengo italiitali. Kumeneko SIM yotsika mtengo, yokoka pa mafunde a 600 kapena 700 MHz amene amayenda mtunda wautali ndi kulowerera m'mitengo, imapulumutsa tsiku la ntchito pamene dishi ya madola mazanamazana ikungofufuza thambo.

Ndiye pali nkhani ya magetsi, imene otsatsa malonda sakonda kuitchula. Dishi yaikulu imadya mawati apakati pa 50 ndi 100 nthawi yonse imene yayaka. Batire wamba wa m'kalavani, wa 100 Ah pa mavoti 12, amasunga mphamvu yokwana mawati 1,200 kwa ola limodzi. Dishi yodya mawati 75 ikayaka maola khumi yatenga 750, kuposa theka, firiji ndi kompyuta zisanalandire gawo lawo, komanso m'nyengo yozizira dzuwa limatuluka mochedwa n'kudutsa chapansi. Jenereta ilipo, koma malo ambiri ogona amaletsa phokoso usiku, ndipo mafuta sapezeka kuseri kwa chitsamba. Madishi ang'onoang'ono amene anabwera pambuyo pake amadya pafupifupi theka la mphamvu imeneyi, zimene zachepetsa vutoli ndithu, komabe rauta ya SIM imagwira ntchito ndi mawati ochepa kwambiri kuposa pamenepo. Mayi wa kabuku uja akamazimitsa dishi msonkhano ukatha, amakhala akusungira firiji yake usiku.

Choncho kusankha intaneti ya paulendo wautali kuyenera kuyambira pa mapu a ulendowo, mitengo ya mabandulo ibwere pambuyo. Njira iliyonse ili ndi chimene chimaipha: nsanja imafa ndi khamu la anthu ndi mtunda, dishi imafa ndi mitengo, mvula yamphamvu ndi batire wofooka. Mwamwayi, kawirikawiri zinthu zimenezi sizichitikira pamodzi. Amene ndalama zake zimadalira kulumikizana amafunika njira ziwiri zimene sizifa tsiku limodzi, ndipo ngati zonse ndi ma SIM, zikhale za makampani amene ali ndi nsanja zawozawo. Apa ambiri amapusitsika, chifukwa ku America nsanja zambiri zimagwiritsidwa ntchito ndi makampani akuluakulu atatu, ndipo timakampani tambirimbiri totsika mtengo timangobwereka kwa atatuwo. Munthu akhoza kulipira mayina awiri osiyana koma akumwa pa nsanja imodzi, ndiponso ali kumapeto kwa mzere kawiri konse.

Otsutsa amati kulipira kawiri n'kuwononga ndalama, ndipo kwa ena akunena zoona. Banja lopuma pantchito limene likungofuna kuona zithunzi za zidzukulu ndi kudziwa za nyengo lilibe chifukwa chosenzera zonsezi. Foni yokhala ndi bandulo yabwino ikwanira, ndipo tsiku limene yakana akhoza kupita ku laibulale ya m'tauni, kumene intaneti ndi yaulere. Koma kwa wogwira ntchito, mtengo wa SIM yachiwiri ya mwezi ndi mwezi uyenera kuyerekezedwa ndi mtengo wa kasitomala mmodzi wotayika, kapena mafuta okokera kalavani makilomita 100 kukasaka netiweki Lamlungu usiku. Chofunika n'kupewa mapangano a zaka ziwiri, chifukwa malamulo a mabandulo, a dishi omwe, amasintha kawirikawiri, ndipo zipangizo zimakalamba msanga: mu 2022 makampani akuluakulu atatu aja anazimitsa netiweki ya 3G, zida zakale zambiri n'kusanduka zidole. Ogula ma SIM otchedwa opanda malire kwa ogulitsa apakati osadziwika bwino nawonso akhala akudzuka m'mawa n'kupeza atadulidwa popanda wowadandaulira. Ena amati munthu akapita kutchire azipuma, intaneti aisiye kumzinda. Mawu abwino kwa wapatchuthi wa masiku atatu, koma mayi wa ku La Posa uja sali patchuthi. Kalavaniyo ndiyo nyumba yake ndi ofesi yake, ndipo popanda kulumikizanako akanakhala ku Ohio akuchotsa chipale chofewa pakhomo.

Za Wi-Fi ya eni malo ogona palibe zambiri zonena. Imalembedwa pachikwangwani pachipata, imagwira bwino pafupi ndi ofesi yolipirira, ndipo ikangokwana nthawi ya chakudya chamadzulo imagona.

Chimene dishi yasintha mosakayikitsa ndi maonekedwe a malo ogonawo. Kwa zaka zambiri malo osiririka anali a pamthunzi, ndipo ofika mochedwa ndiwo ankapatsidwa pabwalo pa dzuwa, pafupi ndi msewu. Tsopano anthu amayang'ana zithunzi za m'mwamba asanasungitse malo, kusaka pamene palibe mtengo, ndipo ena amanyamula waya wa mamita 45 kuti kalavani ikhale pamthunzi dishi ikhale padzuwa. M'malo ogona a m'nkhalango si zachilendonso kuona madishi atatu kapena anayi ataunjikana pakampata kamodzi kopanda mitengo, eni ake osadziwana, mawaya atalowera mbali zosiyanasiyana.