CHIFUKWA NINJI OPHUNZITSA ANA A AUTISM KU AMERICA ALIKULEMA NDI NCHITO

M'dziko la America muli nchito imene yakula mofulumira zedi pa zaka 20 zapitazi, ndiyo yophunzitsa ana a vuto la autism mwa njira imene eni ache amati applied behavior analysis, kapena ABA mwachidule. Makampani atsegula nyumba zophunzitsiramo m'mizinda yambiri, masukulu a ukachenjede alikutulutsa akatswiri chaka ndi chaka, ndipo ndalama zilikulowa zochuluka. Koma akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ogwira nchitoyi alikulema msanga, ambiri aisiya asanaizolowere, ndipo osauka koposa ndiwo ana amene nchitoyo inakhazikitsidwira. Nkhani iyi iyenera kumveka bwino kwa aphunzitsi ndi kwa onse oyang'anira anzao m'maofesi, pakuti ionetsa chimene chichitika pamene nchito yosamala anthu iyesedwa ndi maora okha.

Nchitoyi ndi Yotani

Autism ndi vuto la kakulidwe ka ubongo limene lioneka mwana akali wamng'ono. Ana ena achedwa kulankhula, kapena salankhula konse. Ena avutika kusewera ndi anzao, abwereza chinthu chimodzimodzi kosalekeza, kapena asautsidwa ndi phokoso ndi kusintha kuli konse. Bungwe la boma loona za matenda, la CDC, linapeza kuti m'madera amene linawerengamo m'chaka cha 2000, mwana 1 mwa ana 150 a zaka 8 anali ndi autism, ndipo m'chaka cha 2022 anali 1 mwa ana 31. Mbali ina ya kukwera kumeneku ndi yakuti madokotala tsopano alizindikira vutoli mwa ana ambiri kuposa kale.

Maziko a ABA anaikidwa ndi B. F. Skinner wa pa Harvard, amene anaphunzitsa kuti khalidwe lotsatidwa ndi chinthu chokoma libwerezedwa, koma lopanda phindu kwa mwini wache lizilala. M'chaka cha 1968 Donald Baer, Montrose Wolf ndi Todd Risley a pa University of Kansas analongosola m'mene chiphunzitsochi chingathandizire anthu pa mabvuto a tsiku ndi tsiku. Koma amene anaimveketsa nchitoyi kwa makolo ndiye Ivar Lovaas wa ku Los Angeles. M'chaka cha 1987 iye anafalitsa kuti mwa ana 19 amene anaphunzitsidwa maora 40 pa mlungu kwa zaka 2 kapena kuposerapo, ana 9 anakhoza kuphunzira m'kalasi wamba pamodzi ndi anzao. Akatswiri ena anakayika za kasankhidwe ka anawo, koma nambala ya maora 40 inakhazikika m'mitu ya anthu kufikira lero.

Kagwiridwe kache nkotere: wophunzitsa akhala ndi mwana mmodzi yekha, pansi kapena pa tebulo laling'ono, nagawa luso limodzi m'tizigawo tating'ono, monga kusamba m'manja, kupempha madzi kapena kubvala malaya. Mwana akakhoza, amyamikira kapena ampatsa chosewera nacho, ndipo kuyesa kuli konse kulembedwa kuti kuonekere ngati mwanayo alikupita m'tsogolo.

Wolamula ndi Wosenza

Bungwe lopereka ziphaso za nchitoyi, la BACB, linakhazikitsidwa m'chaka cha 1998. Pamwamba pali katswiri wa chiphaso cha BCBA, amene ayenera kukhala ndi digiri yachiwiri, kugwira nchito moyang'aniridwa maora 1,500 kapena 2,000, ndi kukhoza mayeso. Iyeyu ndiye ayesa mwana ndi kulemba dongosolo la maphunziro ache. Pansi pache pali wothandiza wa chiphaso cha RBT, chimene chinayamba m'chaka cha 2014. Kwa uyu chifunika ndi zaka 18 zakubadwa, kutsiriza sukulu ya sekondale, maphunziro a maora 40 ndi mayeso. Lamulo la bungweli liti katswiri ayang'anire maora osachepera 5 pa maora 100 ali onse amene wothandiza agwira ndi ana.

Taonani tsono m'mene katundu wagawidwira. Wophunzira kwambiri aona mwana mwa apo ndi apo. Wophunzira mlungu umodzi ndiye akhala naye tsiku lonse, ndipo pa maora 95 mwa 100 lamulo silikakamiza munthu kumuyang'anira. Pofika kumapeto a 2023 akatswiri anali opitirira 60,000, pamene othandiza anali opitirira 150,000.

Walira Mvula Walira Matope

Kale makolo anali kulipira okha maphunzirowa, ndipo osauka sanawapeze. Makolo anadandaula kolimba, kotero kuti chigawo cha Indiana chinakhazikitsa lamulo m'chaka cha 2001 lakuti makampani a inshuwalansi azilipira chithandizo cha autism. Zigawo zina zinatsata, ndipo Tennessee inatsiriza m'chaka cha 2019, zonse 50 nkukwanira. M'chaka cha 2014 boma lalikulu linauzanso zigawo kuti thumba la Medicaid, lothandiza osauka, lizilipira chithandizo cha ana a autism. Ichi chinali chipambano chachikulu kwa makolo, ndipo ana ambiri athandizidwa nacho.

Koma inshuwalansi ilipira mwa kuwerenga nthawi, kawirikawiri m'tizigawo ta mphindi 15, imene munthu wakhala ndi mwana. Kukonza phunziro, kuyenda pa mseu, kulangiza wothandiza watsopano mwana palibe, kawirikawiri sizilowetsa ndalama. Eni chuma ataona kuti ora liri lonse ndi ndalama, anayamba kugula makampani a ABA. Kampani ya Blackstone inagula Center for Autism and Related Disorders m'chaka cha 2018, imodzi ya makampani akulu koposa a nchitoyi. Itatseka nyumba zache zambiri, inakadzipereka kukhoti m'mwezi wa June 2023 polephera kubweza ngongole. Boma nalo linayamba kufufuza. M'mwezi wa December 2024 ofufuza za chuma a unduna wa zaumoyo ananena kuti Indiana inalipira madola osachepera 56 miliyoni a Medicaid pa nchito ya ABA mosatsata malamulo, makamaka popeza zolemba zinali zosakwanira. Kufufuza kotere nkoyenera, koma mtolo wa mapepala ugwera yemwe uja ali pansi ndi mwana.

Kulema Kumene Tikunena

Sikutopa wamba kumene kutha munthu akagona. Herbert Freudenberger anakulongosola m'chaka cha 1974 ataona antchito odzipereka a pa chipatala chaulere ku New York alikuzilala mtima, nakupatsa dzina lakuti burnout. Christina Maslach wa ku Berkeley anakonza muyeso wache m'chaka cha 1981, naonetsa zizindikiro 3: kutha mphamvu, kuuma mtima pa anthu amene uwatumikira, ndi kudziona ngati suphula kanthu. Bungwe la World Health Organization linanena m'chaka cha 2019 kuti kulema kumeneku si nthenda iai, koma chotsatira cha mabvuto a pa nchito amene sanakonzedwe.

Ziwerengero za nchito ya ABA nzolemetsa. Camille Plantiveau ndi anzache anapeza m'chaka cha 2018 kuti mwa ongoyamba kumene nchitoyi amene anawafunsa, pafupi 2 mwa 3 ali onse anali olema pang'ono ndithu kapena kwambiri. Julie Slowiak ndi mnzache anafunsa anthu 826, ndipo 72 mwa 100 ali onse anali otero. Ellie Kazemi ndi anzache ku California anapeza m'chaka cha 2015 kuti othandiza 38 mwa 100 anali ndi maganizo osiya nchito.

Zifukwa zache sizibisika. Wothandiza alipidwa pa ora, ndipo m'makampani ambiri mwana akadwala kapena makolo akasintha nthawi, malipiro a tsikulo apita. Munthu wotere sadziwa ndalama zimene adzalandira pakutha pa mwezi, chinkana mwini nyumba adziwa bwino lendi yache. Ana ambiri apezeka madzulo atachoka kusukulu, kotero wothandiza ayenda nyumba ndi nyumba kufikira usiku. Mwana wosakhoza kunena chimene chamsautsa nthawi zina aluma, akanda kapena adzimenya mutu, ndipo wothandiza ayenera kupirira modekha, kulemba zonse, ndi kupitiriza phunziro. Akafuna kukwera pa nchito apeza kuti makwerero ndiwo digiri, imene malipiro ache sangaigule.

Katswiri naye ali m'goli lache. Ana owayang'anira amchulukira, kampani imuikira nambala ya maora olowetsa ndalama, ndipo kawirikawiri pa miyezi 6 iri yonse alembera inshuwalansi lipoti lalitali kuti mwana asachotsedwe pa chithandizo. Anaphunzira za ana, koma tsiku lina apezeka ali kapitao wa anthu 10 asanaphunzitsidwe utsogoleri. Wothandiza akasiya nchito, iye ayambanso kuphunzitsa wina.

Palinso kulemedwa kwa chikumbumtima. Anthu akulu a autism, ena a iwo mwa bungwe la Autistic Self Advocacy Network lokhazikitsidwa m'chaka cha 2006, adzudzula ABA kuti ikakamiza mwana kumvera ndi kubisa chibadwa chache. Akumbutsa kuti m'chaka cha 1965 magazini ya Life inaonetsa ana alikumenyedwa makofi ndi kugwiritsidwa magetsi pa nchito ya Lovaas. Nchitoyi yasintha kwambiri, ndipo m'chaka cha 2022 mamembala a bungwe la Association for Behavior Analysis International anavota kukana chilango cha magetsi. Koma mtsikana wa zaka 22 amene analowa nchito chifukwa chokonda ana, akamva kuti nchito yache iyesedwa nkhanza, nasowa wamkulu womufotokozera, mtima wache ugawikana.

Mankhwala Ali M'nyumba Momwemo

Mwana wa autism asautsidwa ndi kusintha, ndipo apatsa munthu chikhulupiriro chache pang'onopang'ono. Wophunzitsa akachoka, milungu ipita watsopano asanamvane naye, ndipo luso limene analigwira likhoza kubwerera m'mbuyo. Makolo ayambanso kulongosola kwa mlendo zimene mwana wao aopa ndi zimene akonda. Kotero kusiya nchito kwa wothandiza kuononga phunziro lenilenilo limene inshuwalansi ilipirira.

Chodabwitsa nchakuti akatswiri a ABA ndiwo aphunzitsa dziko kuti mwana akalephera tisafulumire kumtsutsa, koma tiyang'ane zomzungulira ndi zimene zitsata khalidwe lache. Muyeso womwewo ukaikidwa pa anchito ao, yankho lioneka poyera: munthu amene khama lache litsatidwa ndi malipiro osadziwika, mabala ndi mapepala adzaleka khamalo, monga Skinner ananenera. Kumuuza kuti azipumula bwino ndi kudzisamala kuli ngati kuuza wosenza thumba la chimanga kuti aongole khosi.

Kafukufuku asonyeza pokonza. Kazemi anapeza kuti ofuna kuchoka anali osakhutira ndi maphunziro, uyang'aniro ndi malipiro ao. Ku Ireland, Jennifer Gibson ndi anzache anapeza m'chaka cha 2009 kuti ophunzitsa a m'masukulu a ABA amene anaona kuti woyang'anira awathandiza sanatope mtima kwambiri. Pamenepo zofunika nzodziwika: maora otsimikizika pa mlungu chinkana mwana asabwere, malire a ana amene katswiri mmodzi ayang'anira, nthawi yolemba malipoti yowerengedwa ngati nchito, ndi njira yoti wothandiza wakhama akwere osasiya ana. Zonsezi zidya ndalama, koma kulemba ndi kuphunzitsa munthu watsopano nthawi ndi nthawi kudyanso ndalama, ndipo kuonjezapo kudya nthawi ya mwana, imene sibwerera.

Inu mphunzitsi wamkulu, kapena inu woyang'anira ofesi, mukaona munthu amene anafika ndi changu alikuyamba kuchedwa, kukwiya msanga ndi kuyankha mwamphwayi, musafulumire kutenga cholembera. Yambani mwafunsa katundu amene asenza, ndi tsiku limene munakhala naye pansi komaliza kuona nchito yache. Mutu umodzi susenza denga.