Kanema ndi Magulu Oyimba a Anyamata

Mphunzitsi amene atumizidwa ku sukulu za kwa Kabudula, ku Nsaru kapena ku Nambuma, tsiku lina adzapeza anyamata atatu kapena anayi atakhala pamthunzi, wina ali ndi banjo ya chigubu, wina ng'oma, wina babatoni wa chingwe chimodzi. Asafulumire kuwabalalitsa. Timagulu totere tili ndi mbiri, ndipo mbiriyo ikusonyeza kuti mwana aphunzira nyimbo ndi maso, osati ndi makutu okha.

Kale amuna ambiri a m'boma la Lilongwe ankapita ku Joni pa Wenela, ena ku Salisbury, kumene tsopano ndi ku Harare. Pobwera ankatenga galamafoni ndi mbale zake. Koma mbale ingotulutsa mawu. Siionetsa m'mene woyimba agwirira choyimbira chake. Chimene chinaonetsa zimenezi ndi kanema, amene akulu ankamutcha bayisikopu.

M'chaka cha 1951 ku South Africa kunatuluka kanema wotchedwa The Magic Garden, wojambulidwa ku Alexandra, mu Johannesburg. M'kanemayo mnyamata wina, Willard Cele, analiza chitoliro chachitsulo chotsika mtengo. Anyamata amene anamuona anayamba kufunafuna zitoliro zotero, nakhala m'timagulu m'misewu. Nyimbo zawo ndizo zinatchedwa kwela. Mu 1958 nyimbo ya Tom Hark, ya gulu la Elias and His Zig Zag Jive Flutes, inatchuka ku Britain chifukwa inkamveka poyamba pa sewero la pa wailesi yakanema. Ku America anafika pena: mu 1966 gulu la The Monkees linaonekera pa wailesi yakanema, ndipo anyamata ake anayi anachita kusankhidwa ndi eni seweroyo, osati kuti anakulira pamodzi ayi.

Kwela anafika kuno. Ku Chileka, m'mudzi wa Singano, kunali Daniel Kachamba ndi mng'ono wake Donald. Daniel ankaliza gitala, Donald chitoliro. Mu 1967 Gerhard Kubik wa ku Austria, wofufuza za nyimbo, anawapeza akuyimba mu Blantyre, nawajambula pa kanema. Chotero nyimbo imene kanema anaifalitsa inabwereranso m'kanema, koma itasanduka, pakuti a Kachamba sanangotsanzira za ku Joni: anapeka nyimbo zawozawo m'chinenero cha kwawo. Daniel anamwalira mu 1987, Donald mu 2001, koma kaimbidwe kawo kaonekabe chifukwa cha kanemayo.

Wailesi yakanema ya dziko lino inatsegulidwa mu 1999. Lero mwana wa ku Nambuma aona oyimba m'nyumba zoonetsera mavidiyo pamsika ndi pa foni ya mkulu wake. Atsanzira kavalidwe, kavinidwe, ngakhale mawu achilendo amene sadziwa tanthauzo lake. Vuto lagona pamenepa. Kutsanzira sikulakwa, pakuti ndiko chiyambi cha luso lililonse. Cholakwa ndi kulekera pomwepo, mwana nayamba kuyesa chinenero cha amayi ake chosayenera nyimbo.

Nanga mphunzitsi achite chiyani? Poyamba awaitane anyamatawo kuti ayimbe pamaso pa anzawo. Kenaka awafunse kumene anaiona nyimboyo ndi chimene ikunena. Potsiriza awapatse ntchito yoika mawu a Chichewa pa kaimbidwe komweko, onena za kwawo: kupalira chimanga, kusoka fodya, mlongo wawo amene wapita ku ukwati. Mawuwo alembedwe pa bolodi, ana onse akonze kalembedwe kake, naone ngati akugwirizana ndi ng'oma. Motero phunziro la kuyimba lisanduka phunziro la chinenero.

Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mphunzitsi wodekha adzazindikira kuti mnyamata wa banjo ya chigubu uja, amene mwina avutika kuwerenga, angathe kupeka mawu okoma kuposa anzake onse m'kalasi.