Ndani ali patsogolo pa timawaya tosaoneka ndi maso?

Ku Area 25 mapanelo a sola salinso chachilendo. Ali pamadenga a nyumba, ali pamashopu a kwa Nsungwi, ndipo magetsi akathima ndiwo amatitchajira mafoni. Kunjaku akatswiri akulimbirana kuti kachipangizo kochepa kazikolola kuwala kochuluka, ndipo pa mpikisanowu pali ma nanowire, timawaya ta silikoni ndi zinthu zina zofanana nayo, toonda moti mazanamazana titagundizana timangokwana kunenepa kwa tsitsi limodzi.

Njira yakale yodziwika kwambiri yomeretsera timawayati inatulukira mu 1964 ku Bell Labs, ku America, m'manja mwa Wagner ndi Ellis. Kadontho ka golide wosungunuka kamamwa nthunzi ya silikoni. Kakakhuta, silikoniyo imaundana pansi pake, kawaya n'kumatalika katasenza kadonthoko pamutu. Mu 2001 gulu la Peidong Yang ku Berkeley linapanga laser ndi timawaya ta zinc oxide, yogwira ntchito popanda kuiziziritsa.

Chomwe chimandigwira mtima ine ndi cha ku Lund University, ku Sweden, mu 2013. Sola yawo inasandutsa magetsi 13.8 peresenti ya mphamvu ya dzuwa, chikhalirecho timawaya ta indium phosphide tinangophimba pafupifupi 12 peresenti ya malo onse. Kawaya kalikonse kamakoka ngakhale kuwala kodutsa pambali pake, choncho zipangizo zodula zimalowa zochepa. Mu 2016 a ku Eindhoven, ku Netherlands, anafika pa 17.8 peresenti.

Komabe silikoni wamba sinagonje. Mu 2022 kampani ya LONGi ya ku China inafika pa 26.81 peresenti, ndipo chaka chomwecho a Fraunhofer ISE ku Germany anagunda 47.6 peresenti ndi sola ya mtundu wina, ya magawo anayi yowunjikiridwa kuwala. Kampani ya Sol Voltaics, yomwe inkafuna kufikitsa timawaya pamsika, inagwa mu 2019.

Kwa ife nkhani yagona pa batire, chifukwa ndiye amayamba kutopa panelo ikadali yabwinobwino. Silikoni imatha kusunga lithium wochuluka pafupifupi kakhumi kuposa graphite wa m'mabatire a masiku onse, koma imatupa mpaka kung'aluka. Mu 2007 Yi Cui wa ku Stanford anaonetsa kuti timawaya ta silikoni timatupa osasweka, ndipo mu 2023 kampani ya Amprius inalengeza batire la silikoni la ma watt-hour 500 pa kilogalamu.

Kuno kwathu, munda wa sola wa ku Salima unatsegulidwa mu 2021 uli waukulu koposa m'dziko muno, wa ma megawati 60. Wa ku Golomoti ndi wa ma megawati 20 okha, koma ine ndimauwerengera kwambiri chifukwa unabwera ndi mabatire ake a ma megawati 5, osungira ena mwa magetsi a masana kuti agwire ntchito dzuwa likalowa.