Nyama pa Khoma la Tchalitchi Zimanena Chiyani?

Pa nsanja za tchalitchi chachikulu cha mumzinda wa Laon ku France pali ng'ombe 16 zosema pamwala. Zakhala pamenepo zaka pafupifupi 800. Mbiri ya kumeneko imati omanga anazisema pokumbukira ng'ombe zimene zinkakoka miyala kukwera nayo phiri. Mlimi wa ku Mitundu kapena Nathenje, amene ngolo yake inatutako njerwa ndi mchenga wa tchalitchi, sangavutike kumvetsa ulemu umenewu.

Nyama zina za pa matchalitchi a ku Ulaya zili ndi ntchito. Pa Notre-Dame ku Paris, tchalitchi chimene chinapsa pa 15 Epulo 2019 n'kutsegulidwanso mu Disembala 2024, pali zilombo zamwala zoyasamula kukamwa. Zambiri mwa izo ndi mipopi: madzi a mvula ochokera padenga amatulukira m'kamwamo n'kugwera kutali, kuti asadye khoma ndi maziko.

Nanga Baibulo likuti bwanji? Pa 1 Mafumu 7 timawerenga kuti pabwalo la Kachisi wa Solomo chimbiya chachikulu chamkuwa chinakhala pamsana pa ng'ombe 12, ndipo pa zoikapo mabeseni panali mikango ndi ng'ombe. Lamulo lachiwiri, pa Eksodo 20, limaletsa kupanga fano loti munthu aligwadire. Koma malire a chokongoletsa ndi fano sachedwa kufufutika. Njoka yamkuwa ya pa Numeri 21 anaipanga Mose Mulungu atamulamula, komabe Mfumu Hezekiya anaiphwanya chifukwa anthu anayamba kuifukizira zonunkhira (2 Mafumu 18:4). Njokayo sinasinthe, inasintha ndi mitima ya oiyang'ana.

Apa m'pamene kwathu kuno tiyenera kuganiza mofatsa. M'dera la Dzalanyama chifanizo cha nyama chimalankhula kale. M'mapiri amenewa muli Kaphirintiwa, pamene mwambo wa Achewa umati anthu oyamba ndi nyama anasiya mapazi pathanthwe. M'midzi yozungulira, Gule Wamkulu, amene UNESCO inamuzindikira mu 2005, ali ndi zilombo zake monga kasiyamaliro ndi njovu, ndipo chilichonse chili ndi tanthauzo lokhudza maliro, mizimu kapena ufumu. Ku Mua, m'boma la Dedza, Bambo Claude Boucher a mpingo wa Katolika anayambitsa malo a KuNgoni mu 1976, kumene amisiri amafotokoza nkhani za m'Baibulo pogwiritsa ntchito zosema ndi zizindikiro za makolo. Imeneyo ndi njira imene iwo anasankha, ataphunzira kaye tanthauzo la chizindikiro chilichonse.

Choncho ngati komiti ya zomangamanga ikuganiza zoika mkango kapena nkhunda ya simenti pachipata, iyambe yafunsa mafunso atatu. Kodi agogo obadwira m'mudzi muno akaiona adzawerengapo chiyani? Kodi mwana wa Sukulu ya Sabata adzaifotokoza bwanji kwa mnzake? Kodi ndalamayo yatsala denga, chimbudzi ndi posambira m'manja zitatha?

Phunziro la ku Paris ndi lotsika mtengo. Mvula isanayambe, onani kumene madzi a padenga la tchalitchi ndi la nyumba yanu amagwera. Ikani magatala, kumbani ngalande, kwirirani zithaphwi zoswanirana udzudzu. Khoma louma ndi bwalo losesa bwino zimauza wodutsa panjira kuti eni nyumbayi amalemekeza Mwini wake.