Mau kwa Makolo a Mwana Wodwala Khunyu

Lero ndifuna kulankhula ndi inu amai ndi abambo amene dotolo wakuuzani kuti mwana wanu ali ndi khunyu, matenda amene ena amati akugwa. Pa nchito yanga ndimayenda m'midzi yambiri, ndipo ndaona kuti m'nyumba zotere amene amaonda ndi nkhawa ndi makolo koposa mwana mwini wake.

Coyamba cimene cimabvuta mtima ndi funso lakuti, "Kodi ndalakwa ciani?" Bambo ayamba kuloza cala akucikazi, mai nayenso akumbuka mnansi amene anakangana naye pa malire a munda. Imvani bwino: khunyu ndi matenda a mu ubongo. Ubongo umalamulira ziwalo ndi timphamvu tonga ta magetsi, ndipo timphamvuto tikasokonezeka kanthawi, mwana amagwa nayamba kuphupha. Ciyambi cake cingakhale malungo olowa mu ubongo, kubvutika pobadwa, kapena kubvulala m'mutu. Si ufiti ai, ndiponso si cilango ca zolakwa zanu.

Caciwiri ndi manyazi. Makolo ena amabisa mwana, namletsa sukulu, nampatsa mbale yakeyake. Dziwani kuti matendawa sapatsirana, ngakhale mukhudze thobvu la m'kamwa mwake. Bungwe la World Health Organization limati anthu pafupifupi 50 miliyoni pa dziko lonse ali ndi khunyu, ndipo pafupifupi 7 mwa 10 angathe kuleka kugwa akalandira mankhwala oyenera. Mankhwala a phenobarbitone akhala akuthandiza odwala otere kuyambira m'caka ca 1912. Cofunika ndi kummwetsa mwana tsiku ndi tsiku. Musaleke mwa inu nokha poona kuti wakhala bwino, pakuti kuleka mwadzidzidzi kumadzutsa kugwa koopsa.

Cacitatu ndi mantha, ndipo mantha amacepa munthu akadziwa cocita. Mwana akagwa, mcotseni pafupi ndi moto kapena madzi, muike nsaru pansi pa mutu wake, ndipo mumgoneke cammbali. Musamgwire mwamphamvu, musaike supuni kapena cala m'kamwa mwake. Kuphuphako kukapitirira mphindi 5, thamangani naye ku cipatala. Asaothe moto yekha, asapite yekha ku mtsinje kapena ku citsime, koma mlekeni asewere ndi anzake ndi kugwira tinchito ta pakhomo.

Tsono za inu eni. Kulira pakumva mau a dotolo si kufooka. Koma mutu umodzi susenza denga. Mai akamadikira mwana usiku uliwonse yekha, m'mawa nalawira ku munda, posacedwa odwala adzakhala awiri. Bambo, landiranani ndi akazi anu, ndipo ku cipatala muzipita nonse. Uzani agogo, amalume ndi aphunzitsi za matendawa ndi cocita cake, kuti mukacoka pakhomo mtima ukhale m'malo. Musaiwalenso ana enawo, pakuti naonso amaona ndi kuopa. Ngati cisoni cakhala masabata ambiri, osagona tulo, cakudya osacifuna, nenani kwa dotolo yemweyo. Imeneyonso ndi nchito yake.

Mwana wanu ndi yemwe uja munali naye dotolo asanalankhule. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano mwadziwa dzina la matenda ndi mankhwala ake. Tsalani bwino.