Yambani ndi ntchito imene mukuithawa

Ku Liwaladzi, m'mbali mwa nyanja m'boma la Nkhotakota, dothi lambiri ndi lamchenga. Chimbudzi sichichedwa kugumuka, ndipo kukumba china ndi ntchito yotopetsa imene palibe amaikonda. Bambo amati "tikumba mawa," n'kupita kukasoka ukonde. Mawalo likamafika mvula yayamba kale, banja likudzithandiza kutchire, zonyansa zikukokolokera kumadzi amene anthu amatunga.

Akuluakulu adati zengerezu adalinda kwawukwawu. Kolera amene adabuka m'dziko muno m'chaka cha 2022 adapha anthu oposa 1,700, ndipo Nkhotakota lidali limodzi mwa maboma amene adavutika kwambiri.

Ntchito yosasangalatsa ikasiyidwa sichepa ayi. Imakula, ndipo imakulemerani mumtima ngakhale pamene mukugwira zina. Choncho yambani ndi imeneyo. Madzulo sankhani ntchito imodzi imene mwakhala mukuithawa, ndipo ikiranitu khasu ndi fosholo pakhomo. Kukacha, mukatha mapemphero a banja, igwireni dzuwa lisanatenthe, thupi likadali ndi mphamvu. Ikakhala yaikulu igaweni: lero kukumba dzenje, mawa kulilimbitsa ndi njerwa kuti mchenga usagumuke, mkuja kuyala mitengo ndi kufolera. Mwezi wa Okutobala usathe musanamalize.

Ife osunga Sabata phunziroli timaliona Lachisanu lililonse. Amene wayamba m'mawa ndi kuchapa komanso kusinja chinangwa cha kondowole, dzuwa limalowa atasamba kale, mtima uli m'malo.

Nanga inu, mawa muyamba ndi iti?