Kajenereta kanu kakufa msanga? Yang'anani mmene mukuthirira oyilo

Magetsi akangothima pa tauni pano, sipapita mphindi zisanu phokoso lija layamba. Kubabashopu kalira, kwa otchaja mafoni kalira, kumavidiyo nakonso, utsi wabuluu uli tolotolo. Ndi tijenereta tating'ono tija, tambiri tolembedwa 950 m'mbali, timene munthu amanyamula ndi dzanja limodzi. Geni ya achinyamata ambiri yatsamira pa kamakina kameneka. Koma pitani kwa makaniko wa majenereta mukaone mulu wa timene tinafa. Eni ake amangoti "sitilimba iti, n'totchipa." Mwina. Koma pali chinthu china chimene chimapha injini zotere mwachangu kuposa ukalamba, ndipo chili m'manja mwa mwini wake: kasakanizidwe ka oyilo ndi petulo.

Tiyambe ndi kusiyanitsa. Injini ya galimoto, ngakhalenso ya njinga zambiri za kabaza, ndi ya 4-stroke. Ili ndi malo akeake osungira oyilo kunsi, oyiloyo amazungulira n'kubwerera pomwepo, mumangomusintha nthawi ikakwana. Kajenereta ka 950 ndi ka 2-stroke, chimodzimodzi makina ochekera mitengo, makina ambiri otchetchera udzu onyamula paphewa, ndi injini zambiri za maboti kunyanja. Izi zilibe posungira oyilo. Petulo akachoka m'kabuleta amayamba walowa kunsi kwa injini, kumene kuli shafuti ndi mabering'i, kenako n'kukwera pamwamba pa pisitoni kukapsa. Ndiye oyilo alibe njira ina yofikira zitsulozo koma kukwera nawo petuloyo. Amapaka zitsulo podutsa, kenako amapsera limodzi. Utsi wabuluu uja ndi oyilo ameneyo.

Kumayiko ozizira ngati Canada kuli ma snowmobile, tinjinga tamoto toyenda pachipale, ndipo tambiri tili ndi injini ya mtundu womwewu. Kungoti tamakono tili ndi thanki ya oyilo payokha ndi kapampu komuyeza. Pa kajenereta kathuka palibe kapampu. Pampu ndinu.

Tsono onani ntchito imene oyiloyo akugwira. Kuti jenereta itulutse magetsi oyenera zipangizo zathu, injini imazungulira ka 3,000 pa mphindi, kutanthauza ka 50 pa sekondi imodzi. Pisitoni ndi ya aluminiyamu, chitsulo chimene chimafufuma msanga chikatentha. Pakati pa pisitoni ndi khoma la silinda pamangokhala kachinyezi ka oyilo kopyapyala kuposa pepala. Kakachepa, chitsulo chimakhula chitsulo chinzake, kutentha kumakwera, pisitoni imafufuma n'kuyamba kukanda khoma. Mapeto ake imakakamira. Mukukoka chingwe, chingwe gwa, osayenda. Pamenepo konzekerani pisitoni, maring'i, mwinanso silinda yonse. Munthu akathira petulo wosasakaniza n'komwe, zimenezi zitha kuchitika kasitomala woyamba asanamalize kumetedwa.

Choipa chake n'chakuti oyilo wochepa pang'ono sapha tsiku lomwelo. Injini imalira bwinobwino, utsi wochepa, mwini wake n'kumanyadira kuti wapeza njira yosungira ndalama. Koma mkatimo maring'i akudyeka. Pakapita nthawi mumaona kuti ikuvuta kulira, ndipo mukalumikiza mashini awiri ometera imafooka.

Ena amva zimenezi ndiye amathira oyilo wambiri, ati kuli bwino kupyola. Kunena zoona, kupyola pang'ono sikoopsa ngati kuperewera, koma nako kuli ndi mtengo wake. Oyilo wosapsa bwino amasiya mwaye. Pulagi imada n'kunyowa, moto osatulutsa. Potulukira utsi pamatsekeka pang'onopang'ono, ekizozi imayamba kudontha zakuda, mphamvu imatsika. Mwayewo ukalowa m'mizere ya maring'i, maring'i amamatirira. Ngati mukusintha pulagi pafupipafupi ndipo anzanu oyandikana nawo shopu akudandaula utsi, musathamangire kunena kuti mapulagi a masiku ano ndi abodza.

Nanga mlingo wake ndi uti? Uli pa chomata cha pathanki kapena m'kabuku kamene kanabwera ndi makinawo, kaja timataya limodzi ndi katoni. Mukaona 50:1, akutanthauza magawo 50 a petulo pa gawo limodzi la oyilo. M'chilankhulo cha pashopu: lita imodzi ya petulo, oyilo 20 ml. Malita 5, oyilo 100 ml. Ikakhala 40:1 ndi 25 ml pa lita, ndipo 25:1 ndi 40 ml pa lita. Apa ambiri amasokonezeka: nambala yaikulu ikutanthauza oyilo wochepa, osati wambiri. Tijenereta tambiri ta 950 timalembedwa 50:1, koma werengani kanu, musatengere ka mnzanu. Injini zina, makamaka za maboti, zimafuna oyilo wochulukirapo zikakhala zatsopano, kabuku kamanena kwa maola angati.

Mamililita 20 ndi ochepa kwambiri moti diso silingayeze. Kuthira kuchokera m'botolo n'kumati "apa zakwana" ndi juga. Njira yosavuta ndi kugula sirinji ya 20 ml ku famase, yopanda singano, n'kuimangirira pa botolo la oyilo. Majenereta ena ali ndi kakapu koyezera kunsi kwa chivindikiro cha thanki, ndipo pali anthu akhala nako chaka chonse osadziwa ntchito yake. Sakanizirani m'chigubu choyera, osati m'thanki: thirani theka la petulo, thirani oyilo yense, tsekani, khutchumulani, kenako malizitsani petulo wotsalayo. Mukathira oyilo m'thanki mwachindunji amatha kukhazikika pansi, injini n'kumwa oyilo wambiri poyamba, pomaliza n'kutsala ndi petulo wouma. Chigubucho chilembeni, kuti mng'ono wanu amene mwamusiyira shopu asachisokoneze ndi cha petulo wosasakaniza.

Mtundu wa oyilo nawo ndi nkhani. Pa botolo pakhale 2T. Wolembedwa 4T ndi wa njinga za 4-stroke, ndipo iye pamodzi ndi oyilo wa galimoto sanapangidwe kuti azipsa: ali ndi mankhwala amene amasiya phulusa pa pisitoni ndi pa pulagi. Oyilo wakuda wokhetsedwa m'galimoto, amene ena amapempha ku garaja, ndiye musayerekeze n'komwe, muli tizitsulo ndi zinyalala zimene zikadutse m'mabering'i anu. Ngakhale pakati pa ma 2T pali kusiyana. Wolembedwa TC-W3 ndi wa injini za maboti, zimene zimazizira ndi madzi. Jenereta ndi makina ochekera mitengo zimazizira ndi mphepo ndipo zimatentha kwambiri, choncho funani botolo lolembedwa API TC kapena JASO FB, FC, FD. Pa atatuwo, FC ndi FD ndiwo a utsi wochepa.

Pali chinanso chathu chathu kuno. Petulo wa ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, ndipo zimenezi zinayamba kale mu 1982 ndi fakitale ya ku Dwangwa. Ethanol amakoka chinyezi. Mafuta osakaniza akakhalitsa m'chigubu kapena m'thanki, madzi ndi ethanol zimatha kupatukana n'kukhala pansi, ndipo pansipo ndi pamene injini imayambira kumwa. Ndiye magetsi akakhala bwino kwa milungu ingapo, kajenereta kali pakona ndi mafuta akale, tsiku lothima magetsi kamakana kulira. Sakanizani okwanira masiku ochepa basi, osapyola mwezi. Ngati mukaimika nthawi yaitali, tsekani kampopi ka mafuta injini ikulira, muisiye izime yokha kuti m'kabuleta musatsale kanthu.

Mafuta akasowa pa filing'i ndipo mwagula a m'mabotolo m'mbali mwa msewu, funsani ngati asakaniza kale, koma yankho lake musalikhulupirire kwambiri. Ma 2T ambiri ali ndi utoto, wofiira, wabuluu kapena wobiriwira, ndiye nthawi zina mtundu umakuuzani. Mukakayika, thirani mlingo wanu wonse. Pulagi yakuda mutsuka ndi burashi, pomwe silinda yokandika ndi ulendo wa kwa makaniko, shopu ili chitsekere.